Zigamba za M'chitini

Ndikukumbukira chaka chimene mlongo wanga Lameki anabadwa. Tinkakhala m'malayini a kampani ya tiyi kunsi kwa phiri la Mulanje, m'nyumba ya chipinda chimodzi yofolera ndi udzu. Bambo ankagwira ntchito m'munda wa tiyi, ine ndinali ndi zaka khumi. Lameki anabadwa masiku ake asanakwane, kumayambiriro kwa Meyi, kamwana kokwana m'manja awiri a bambo. Pakati pa ine ndi iye panabadwa ana awiri, koma onse sanakhalitse. Motero amayi obwera kudzaona mwana sankalulutira mokweza ayi. Ankangosuzumira m'nsalu, n'kutuluka panja, n'kumanong'onezana kuti, "Tione ngati adutse chiperoni."

Inu amene simunakulire kuno, chiperoni ndi kamvula kowaza ka mu Juni ndi Julaye, kobwera ndi nkhungu komanso mphepo yochokera kwa Apwitikizi. Chikagwira chimatha masiku atatu, mwina anayi, dzuwa osaoneka, phiri lonse litabisala. Mphasa imachita chinyontho, mchere umasungunuka m'chikho, nsalu yochapa siuma. Ine mawu a amayi aja ndinawamva ndili kuseri kwa chitseko, ndipo anandikhala pamtima ngati mwala. Ndinkamukonda mwanayo, abale inu. Ndinkafuna akhale.

Kusukulu ya mishoni, Lachisanu lililonse atsikana tinkaphunzira kusoka. Ankatiphunzitsa ndi Mayi Dorika, mayi wamtali wovala magalasi, amene anaphunzira zosokazo kwa madona a pamishonipo. Sabata imeneyo anabwera ndi chinthu chopindapinda, n'kuchitambasula patebulo. Linali bulangeti, koma lonse la zigamba zokhazokha. Tinayang'anana, wina anaseka chobisa m'manja. Kwathu chigamba chinali chinthu chochititsa manyazi. Ukakhala nacho kumbuyo kwa diresi unkayenda cham'mbali, ndipo anzako akakuyambana nacho unkalira tsiku lonse. Tsono awa akuti bulangeti la zigamba ndi lokongola, ati ngakhale azungu amayala pabedi pawo. Ndinadzifunsa mumtima kuti, kodi azungu nawonso amasauka?

Mayi Dorika anatifotokozera kuti bulangetilo lili patatu. Pamwamba pali zigamba zolumikizana, pansi pali nsalu imodzi, pakati amaikapo thonje kapena nsanza zofewa, kenako amasoka zonse pamodzi. Anati chimene chimasunga kutentha ndi cha pakaticho. Nditamva mawu akuti kutentha, manyazi onse a zigamba anandithera. Anatiuza kuti aliyense apeze tinsalu totsala kwa atelala, asoke kake kakang'ono, azikapitiriza kunyumba, ndipo sukulu ikamatsekera tidzaonetsa makolo. Anzanga ankaganiza za tsiku loonetsalo. Ine ndinkaganiza za Lameki.

Loweruka ndinatsagana ndi amayi aakulu, akulu awo a mayi anga, amene ankapita ku Chonde kukagulitsa chinangwa. Pakhonde la sitolo ya Mmwenye panali telala wina, Che Saidi, wopalasa makina ake mutu uli pansi. Ndinamusesera pakhonde ponse, n'kumupatsa nyemba za kalongonda zophika zimene ndinakulunga m'tsamba la nthochi. Anaseka, nati sanaonepo munthu wogula zinyalala ndi ndiwo. Anandidzazira tinsalu m'chitini chakale cha maswiti chokhala ndi chivundikiro chothina. Pamwamba anaikapo kansalu ka maluwa kofanana kukula ndi mpango wa m'manja. Sindinaonepo nsalu yokongola chotero. Pansi pake panali poyera, maluwa ofiira okhala ndi diso lachikasu, masamba obiriwira, ndipo duwa lililonse linazunguliridwa ndi kamzere kakuda. Njira yonse yobwerera ndinkangotsegula chitini n'kununkhiza fungo la nsalu yatsopano.

Lachisanu Mayi Dorika anakhuthula chitini changa patebulo. Anatola kansalu ka maluwa kaja, nakayang'anitsitsa pamwamba pa magalasi.

"Estere, aka ndiye mayi," anandiuza. "Uike pakati. Tsono werenga mitundu ili m'menemu."

Ndinawerenga: wofiira, wakuda, woyera, wachikasu, wobiriwira.

"Amenewo ndiwo ana ake. Chigamba chilichonse cholowa m'bulangeti lako chikhale cha mtundu umene uli mwa mayiyu. Mwana wosafanana ndi mayi ake asalowe."

Anachotsa tabuluu, takhaki ndi tofiirira ngati dothi, nati amenewo ndi ana a eni. Zinandimvekera bwino kwambiri, pakuti kwathunso mwana ndi wa kwa mayi ake. Ndinadula tizigamba tofanana potsatira kachikatoni, n'kutiyala mozungulira mayi uja, chofiira pafupi ndi choyera, chakuda pafupi ndi chachikasu. Zinakongola moti anzanga anasiya zawo n'kudzaunjikana. Ndinapita kunyumba mapewa ali m'mwamba.

Masiku anayi ndinasoka nditakhala pakhonde, mpaka chala chinachita timabowo ta singano. Ulusi ndinkausolola m'thumba lakale la ufa. Mizere itatu italumikizana, amayi aakulu anatulukira atasenza mtolo wa nkhuni. Anaponya nkhunizo pansi, manja m'chiuno.

"Mwanaka, kapulana yofiirayi ukumusokera ndani?"

Iwo nsalu iliyonse ankaitcha kapulana, monga ankanenera kwawo kutsidya kwa malire. Nditati ndi ya Lameki, anawomba m'manja kamodzi. "Mayo ine! Sudziwa kuti chofiira chimaitana mphenzi? Ukufuna dzinja likadzafika ife tidzatole makala?"

Ndinkadziwa kuti sitivala zofiira mvula ikamagunda, mwana aliyense wa ku Mulanje ankadziwa zimenezo. Kungoti sindinaganizepo kuti lamuloli limafikanso pa bulangeti. Ndinawaonetsa maluwa ofiira a pa mayi uja, ndikuopa kuti nayenso achoka. Anawayang'ana, napotoza milomo. "Awa ndi aang'ono, mphenzi singawaone." Ha! Tsono mphenzi imayamba kuona chofiira chikakula bwanji? Funso limenelo ndinalimeza, chifukwa amayi aakulu sankafunsidwa kawiri. Ndinatenga lezala lakale la bambo n'kuyamba kusomola ulusi. Zofiira zonse zinabwerera m'chitini.

Lachisanu lotsatira Mayi Dorika anatambasula ntchito yanga, mipata ili yasa ngati m'kamwa mwa mwana woguluka mano. Nditafotokoza, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Iwe ndiwe mwana wa sukulu kapena wa kumudzi?"

Koma ine ndinali zonse ziwiri. Anati mphenzi ilibe maso, imagwa pamtengo wautali osati pansalu, ndipo bulangeti lopanda chofiira lili ngati ndiwo zopanda mchere. Anandikhazika kutsogolo mpaka ndinabwezeramo zofiira zonse. Ndikusoka ndinkawakhulupirira ndi mtima wonse. Koma nditangoona madenga a malayini ndikubwerera, ndinayamba kukhulupirira amayi aakulu. Akuluakulu ananena kuti mapanga awiri avumbwitsa, ine ndiye ndinavumbwa ndithu. Ndinakhala pansi pa mtengo wa bulugamu m'mbali mwa msewu, ndinatulutsa lezala, ndinasomolanso. M'mphepete mwa tizigamba munayamba kuyoyoka.

Lamulungu masana bambo anakhala pakhonde akusema mpini. Iwo sankalowerera za amayi, koma tsiku limenelo anasuzumira ntchito yanga, n'kuloza ndi nsonga ya mpeni.

"Mwanayu wafedwa ndani kuti afunde zakuda?"

Ndinati aphunzitsi anena kuti chakuda chimawalitsa chachikasu. Bambo anati aphunzitsiwo akawalitse kwawo, pakhomo pano zakuda zimavalidwa ndi anamfedwa. Ndinatembenuka kuyang'ana mayi, amene anali atavala biriwita wawo wa masiku onse, nsalu yakuda bii. Ndinafunsa mwaulemu kuti nanga uyo? Bambo anayankha osakweza mutu: "Ameneyo ndi biriwita, si wakuda." Ndinamuyang'ananso biriwitayo. Anali wakuda, abale, mpaka lero ndikunena kuti anali wakuda. Komabe lezala linagwiranso ntchito yake.

Zoyera ndi zimene zinandipweteka. Palibe amene anandikalipira poyamba. Ndinapita nazo kwa mayi ndekha, ndikufuna munthu mmodzi yekha woti anene kuti ndachita bwino. Mayi anali atakhala pamphasa, Lameki ali pamiyendo. Analandira nsaluyo, anaisisita, kenako chala chawo chinaima pa chigamba choyera cha keleko. Anachipukuta ndi chala chachikulu kwa kanthawi. Anandibwezera, ananyamula mwana, anazungulira kuseri kwa nyumba. Amayi aakulu, amene ankapeta nandolo pafupi, anandikoka khutu n'kundinong'oneza kuti, "Wopusa iwe. Abale ako awiri aja tinawakulunga m'chiyani? Si keleko woyera yemweyu?" Sindinkadziwa. Pa maliro a ana ife ang'onoang'ono ankatithamangitsira kutali. Ndinalira, ndipo zoyerazo ndinazisomola misozi ikugwera pa lezala.

Chimene chinatsala chinali chomvetsa chisoni. Mayi wa maluwa anali pakati, atazunguliridwa ndi tachikasu ndi tobiriwira towerengeka, zonse pamodzi osaposa lichero. Ngakhale Lameki anali wamng'ono, miyendo ikanatulukira kunja. Za pakati ndinalibe, za pansi ndinalibe. Chitini ndiye chinali chodzaza ndi ana okanidwa. Chimene chinkandizunguza mutu kwambiri n'chakuti mitundu yonse itatu yoopsayo inali pa mayi wa maluwa yemweyo, koma palibe amene anamukana, onse ankati ndi nsalu yabwino. Kusukulu mwana wosafanana ndi mayi ake asalowe, kunyumba mwana wofanana ndi mayi ake atuluke. Lachisanu limenelo ndinanamiza Mayi Dorika kuti ndaiwala ntchito yanga kunyumba. Ndinapinda kansaluko, ndinakaika m'chitini, ndinatseka, ndinakankhira kuseri kwa mtsuko. Ndinali nditatopa ndi mitundu.

Chiperoni chinafika pakati pa Juni. Tinadzuka phiri kulibe, mizere ya tiyi ikuthera m'nkhungu. Tsiku loyamba zinali bwino. Koma mwana wakhanda amanyowetsa, ndipo chilichonse chimene mayi ankachapa sichinkauma. Anamanga chingwe m'nyumba pamwamba pa moto, koma nkhuni zinali zonyowa, zinkangofuka utsi umene unkatsokomoletsa mwana. Tsiku lachiwiri matewera onse anali pachingwe, nsalu za mayi nazonso. Tsiku lachitatu denga linayamba kudontha pakona pamene tinkaika mabulangeti athu awiri, ndipo anamwa madzi ngati chinkhupule.

Tsiku limenelo kusukulu anatiweretsa masana chifukwa tinkangonjenjemera. Nditakankha chitseko ndinapeza mayi atakhala pafupi ndi moto wofukawo, Lameki atamuika pachifuwa mkati mwa bulauzi. Bambo anali kumunda, amayi aakulu anali kunyumba kwawo. Mwanayo sankalira, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiopsa. Ndinagwira kaphazi kake, kanali zii ngati mwala wa mumtsinje. Mayi anayang'ana chingwe, anayang'ana mabulangeti onyowa, kenako anayang'ana ine.

"Estere, chitini chako chija chili kuti?"

Ndinachikoka kuseri kwa mtsuko. Chivundikiro chinali chothina moti ndinachitsegula ndi supuni. Mayi anapisamo dzanja. M'nyumba monsemo, nsalu zouma zinali zokhazo.

Anandituma kutenga malaya akale akhaki a bambo, amene anapachikidwa pafupi ndi moto ndipo anali atauma pang'ono. Anawayala pamphasa ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwana. Kenako anakhuthula chitini chonse pamwamba pake. Zofiira za mphenzi, zakuda za anamfedwa, zoyera za nsanda, ngakhale ana a eni amene Mayi Dorika anakana, zonse mbwee. Ine mtima unangoti phwii. Ndinati, "Amayi, zofiirazo..." Sanandiyang'ane. Anangoti, "Salaza bwino, pasakhale mpata." Ndinasalaza. Ndinaona dzanja lawo likutola zoyera n'kuziyala ngati zina zonse. Pamwamba anavundikira ndi kansalu kanga kachikasu ndi kobiriwira, napinda m'mphepete mwa malaya kuti mukumane nako, zokanidwa zonse zitabisala mkati.

Tinasoka awiri, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Sikunali kusoka kwa kusukulu ayi. Mayi ankalumphitsa singano kutalika kwa chala, mizere yokhotakhota, ulusi wa thumba la ufa uli poyera. Mayi Dorika akanaona akanakomoka. Titamaliza analiwamba pamoto pang'ono, anamukulunga Lameki, n'kumubwezera pachifuwa. Tinakhala tikumvera madontho a pakona. Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva kamwanako kakuyamba kudandaula, kenako kanalira ndithu, kulira kwaukali kofuna bere. Mayi anapumira m'mwamba. Akumuyamwitsa anandiuza mawu awiri okha: "Usauze munthu."

Bambo atabwera anaona bulangetilo nati lakongola, bola lilibe zakuda. Amayi aakulu m'mawa mwake analitembenuza uku ndi uku nati, "Waona, mwanaka? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera." Ine ndinayang'ana pansi. Tsiku loonetsa makolo kusukulu ndinalibe choonetsa, ndipo Mayi Dorika anandipatsa chibalo chosesa bwalo sabata yathunthu chifukwa cha ulesi. Ndinasesa osadziwa kuti ndalakwa chiyani, kapena ngati ndalakwa n'komwe.

Lameki anadutsa chiperoni chimenecho ndi zina zonse za chaka chimenecho. Koma mavuto anga anayamba mu Novembala, mitambo itayamba kuunjikana pa phiri la Chambe. Ine ndekha ndi mayi tinkadziwa zimene zinali m'bulangetimo. Kukangoti gu kuphiri, ndinkasiya chilichonse, kaya ndi mtsuko pachitsime, n'kuthamangira kunyumba. Ndinkamuvula mwana bulangeti, n'kukaliponya m'khola la nkhuku. Amayi aakulu anati mphenzi siona zazing'ono, koma sananene ngati imaona zamkati. Mayi Dorika anati ilibe maso, koma tsiku lina inang'amba bulugamu uja ndinakhalapo posomola zofiira, ndipo ine ndinatsimikiza kuti ikulondola fungo. Kufunsa sindikanatha, poti ndinauzidwa kuti ndisauze munthu. Dzinja lonse ndinaonda. Mayi ankandiona ndikuthamanga ndi bulangeti, osandiletsa, osandiseka. Mvula ikakata ankapita okha kukhola, n'kukalitenga, n'kulikutumula.

Zaka zinapita. Lameki anakula, lero ndi nkhalamba ya imvi yovutitsa adzukulu ake ndi nthabwala zosatha. Ine nditabereka mwana wanga woyamba, mayi anabwera kudzandithandiza, ndipo tsiku lina tikuyanika matewera ndinawafunsa. Ndinati, kodi inu za mphenzi ndi nsanda zija simunkazikhulupirira? Ndinkayembekeza kuti aseka, anene kuti zinali za amayi aakulu. Sanaseke.

Masiku ano zinthu zinasintha. Pa Chonde mabulangeti ali mulu pa kaunjika, ana akhanda obadwa masiku osakwana amawasamalira kuchipatala, ndipo adzukulu anga amathamanga pamvula atavala majuzi ofiira psuu. Ndikawaitana kuti alowe amandiseka, amati agogo ndi za kale. Mwina akunena zoona, ine mpaka pano sindinadziwe amene ankalondola pakati pa aphunzitsi ndi amayi aakulu. Koma ana a lero akamaseka akale aja ngati anthu amantha opanda nzeru, ine sindiseka nawo. Iwo sanakhalepo m'nyumba imene mantha awiri akukuyang'ana, iwe n'kuyenera kusankha amodzi. Mayi anga tsiku lija anakamula tewera, analiyanika, n'kundiyankha ali chopenya kuphiri.

"Ndinkakhulupirira, mwanawe. Zoyera zija ndinazigwira ndi mantha, ndipo dzinja lonse ukamathamanga nalo bulangeti, mtima wanga unkathamanga nawe. Koma mphenzi inali miyezi isanu kutsogolo. Kuzizira kunali m'nyumba, kutagwira kale mwana wanga phazi."